Seva Yakale ya ku Ofesi ya Mpingo

Anthu a makompyuta ntchito yaikulu pa seva amakonda kuiyamba Lachisanu usiku, anthu onse ataweruka, kuti pofika Lolemba zinthu zikhale zitakhazikika. Kwa ife nthawi imeneyo ndi Sabata. Ndiye ku ofesi ina ya mpingo kumene ndinkaphunzira ntchito pa tchuthi, tinangotsala ndi Loweruka dzuwa litalowa komanso Lamlungu.

Seva yake inali ndi Ubuntu 16.04 ya 32-bit, yomwe inasiya kulandira zigamba zaulere zachitetezo mu April 2021. M'menemo munali kaundula wa mamembala ndi malisiti a chakhumi ndi zopereka a zaka zambiri. Akulu ena ankati bola ikuyaka, isiyeni. Sindinawaone olakwa kwenikweni, poti makinawo anali asanawakhumudwitsepo. Koma pa 32-bit pulogalamu imodzi singagwiritse ntchito memory yoposa 4 GB, ndipo kuchokera pa Ubuntu 20.04 kulibenso mtundu wa 32-bit woti n'kukwerapo. Palinso nkhani ya pa 19 January 2038, tsiku limene wotchi ya mapulogalamu akale a 32-bit idzasefukire n'kubwerera ku 1901.

Nditalemba lscpu ndinaona kuti purosesa yake imatha 64-bit, choncho panalibe chogula kupatula disiki yatsopano. Chovuta n'chakuti kuchoka pa 32-bit kupita pa 64-bit si nkhani yongodina batani la upgrade ayi. Umayika zonse mwatsopano. Mafayilo a PostgreSQL nawonso sungangowakopera monga zithunzi. Umawatulutsa ndi pg_dump, n'kukawalowetsa ku mbali inayo.

Apa ndi pamene ndinachedwapo dala. Lachinayi ndinapanga backup pa madisiki awiri, ndipo imodzi ndinaiyesa pa laputopu kuti ndione ngati ikutsegukadi. Backup yosayesa ine sindiiwerengera. Lachisanu masana ndinatseka ofesi osakhudza kalikonse, ngakhale manja ankayabwa. Ku Sabata Sukulu maganizo anathawira ku seva kangapo, ndipo ndinkachita kuwabweza.

Titatsekera Sabata ndinachotsa disiki yakale yonse yathunthu, n'kuika yatsopano. Chifukwa chake n'chapafupi: zikanakanika, ndikanangobwezeretsa yakaleyo ofesi n'kutsegula Lolemba ngati kale. Magetsi anazima kamodzi pakati pa usiku, UPS inatigwirira mphindi zochepa zokwanira kuzimitsa bwinobwino.

Lamlungu masana a msungichuma anabwera ndi mabuku awo a risiti. Sanafunse za 64-bit. Anasankha miyezi itatu ya zaka zosiyana, n'kumawerenga ndalama mokweza ine ndikuyang'ana pa sikirini, mzere ndi mzere, mpaka tambala yomaliza. Atamaliza anati, "Mwana wanga, disiki yakaleyo musaitaye." Anailemba deti ndi cholembera, n'kuitsekera mu sefa momwe amasungira maenvulopu a chakhumi.