Ku Makanjira chimbale chimafika msewu usanafike

Inu amene mumagulitsa usipa ndi utaka mu msika wa Limbe, ku Ndirande kapena ku Mchesi, dzina la Makanjira mumalidziwira nsomba basi. Ena munamvako za golide wa m'mapiri a Namizimu. Koma ndikati nyimbo zambiri zimene mumazitcha zatsopano pa mabenchi anu, anthu a ku Makanjira amakhala atatopa nazo kale, ndikudziwa mutsutsa. Tsutsani, paja tinavotera matipate mu 1993 kuti munthu aziyankhula zakukhosi.

Ine ndinakafikako mu Ogasiti 2025, mwera uli pachimake. Kuchoka pa Mangochi boma mumaoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, n'kukhotera kumanzere kulowera ku Malindi, kenako Lungwena, Namalaka mpaka pa Mpilipili, pamene pali msika waukulu wa kwa Makanjira. Ndi makilomita pafupifupi 100 okha, koma matola imene ndinakwera inawayenda ngati tikupita ku Karonga. Fumbi mpaka m'mano. Inali nyengo ya kampeni, ndiye aliyense wofuna mpando amalonjeza tara, monga akhala akulonjezera chiyambire. Anthu akumeneko amangoomba m'manja mwaulemu, chifukwa amadziwa kuti dzinja likafika mitsinje yotsika m'mapiri idzadzaza ndipo galimoto zidzagona m'njira.

Musapusitsike ndi msewuwo. Makanjira sanayambe wadikirapo Blantyre kuti aone zachilendo. Zaka za m'ma 1800 nsalu, mikanda ndi mfuti zinkafika kuno pamutu kuchokera ku gombe la nyanja ya mchere, ndipo zombo za mfumu zinkaoloka nyanja yathuyi ndi minyanga komanso, tisabise, akapolo. Mzungu wina, Captain Cecil Maguire, anafera pa nkhondo yolimbana ndi zombo zomwezo mu Disembala 1891, ndiye chiyambi cha dzina la Fort Maguire. Lero katundu wa kunja akubwerabe, kungoti amalowa m'kamemore kochepa ngati chikhadabo.

Pa Mpilipili ndinakhala masana onse m'kashopu ka mnyamata wina wothira nyimbo m'mafoni. Pamwamba sola, mkati kompyuta yakale, mafoni akutchajidwa mulu, panja sipika. Makasitomala ake ndi alovi ochokera ku chilimira, anyamata a kabaza ndi amayi ogulitsa zitumbuwa. Nditamfunsa kuti achimwene, nyimbo zonsezi mumazitenga kuti poti netiweki kuno ndi ya apo ndi apo, anangoloza kumwera. Joni. Kuno n'kovuta kupeza banja lopanda mwana kapena mkamwini ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town. Akamabwera kudzaona nyumba imene akumanga, kapena kudzavinira mwana wotuluka ku jando, foni imakhala yodzaza, ndipo poyamba pokatula ndi pa kashopu ngati aka.

Umu ndi mmene chimbale cha Kabza De Small, Bab'Motha, chimene chinatuluka mu Julayi 2025, ndinachipezera pa Mpilipili mwezi usanathe, chathunthu, nyimbo zili mu ndondomeko yake. Apa ndi pamene pali nkhani yanga. M'tauni muno tinasiya kumvera chimbale. Timangotola kanyimbo kamodzi kamene kabeba pa TikTok, tikaliza mpaka oyandikana nafe benchi atinyansidwe, basi. Zili ngati kugula belo ya kaunjika, n'kusankhamo malaya amodzi, zotsalazo n'kutaya ku mtsinje wa Mudi. Wageni weniweni sachita zimenezo. Amadziwa kuti phindu limabisala pansi pa belo.

Ndiye nazi zimene ndinapeza pansi pa belo. Amapiano, nyimbo za pa kompyuta zochokera m'makomboni a ku Pretoria ndi Johannesburg, zija zokhala ndi besi yogunda ngati mtondo, si zonse zaphokoso ayi. Amene mumakhala pa benchi kuyambira 6 koloko m'mawa, funsani Amukelani cha Kelvin Momo, cha mu 2022. Nyimbo zake n'zazitali, zozizira, zopanda kulalata, moti mutha kunenerera mtengo ndi kasitomala osakweza mawu. Madzulo anthu akamaweruka, apo ikani Kabza, kaya Bab'Motha kaya KOA II Part 1 cha mu 2022. Ogulitsa mesh, zodzola ndi nsapato za atsikana, inu chanu ndi chimbale cha Tyla cha mu 2024, mtsikana wa ku Johannesburg amene anapata Grammy chaka chomwecho ndi nyimbo yake Water. Ine sichinandigwire mtima kwenikweni, koma makasitomala anu aja amaima akachimva, ndipo woima ndiye amagula.

Chinanso chimene kuno n'chosiyana ndi kwathu ndi khutu la Chiswahili. Malire a Mozambique ali pafupi, ndipo nyimbo za ku Tanzania zimatsika mosavuta. Bongo flava ya Diamond Platnumz ndi Mbosso simusowa. Koma chimene chinandidzidzimutsa ndi singeli, nyimbo za m'makomboni a ku Dar es Salaam zothamanga ngati njinga yaduka mabuleki. Wofuna kulawa afunefune Sounds of Sisso, chimbale chimene kampani ya Nyege Nyege Tapes ya ku Kampala inatulutsa mu 2017. Pa benchi musayerekeze, mubalalitsa ndi ntchentche zomwe. Koma usiku womwewo nditamva ng'oma za manganje kuseri kwa msika, ana ali pafupi kutuluka ku simba, ndinamvetsa chifukwa chake anyamata akuno singeli saiona yachilendo. Miyendo yawo inazolowera kale liwiro limenelo.

Pali chimbale chimodzi chimene mnyamata uja analibe, ndipo ndinamusiyira dzina lake pa kapepala. Amangwetu, alipo mwa inu amene anamvapo za Esau Mwamwaya? Ameneyu ndi mnzanu wa geni. Anakulira ku Lilongwe, n'kupita ku London kumene ankagulitsa mipando ndi katundu wina wogwiritsidwa kale ntchito m'kashopu. Tsiku lina kunabwera Mfalansa wina wokonza nyimbo, Etienne Tron, kudzagula njinga yakale. Kucheza kwa pa mtengo wa njinga kunabala gulu la The Very Best, pamodzi ndi Johan Karlberg wa ku Sweden. Chimbale chawo Warm Heart of Africa cha mu 2009, mawu a Chichewa pamwamba pa zida za pa kompyuta, chinatamandidwa ku Ulaya ndi ku America pamene kuno ochidziwa anali owerengeka. Chachitatu, Makes a King cha mu 2015, anakachijambulira m'mudzi wa m'mbali mwa nyanja yomwe inoyi, ndipo muli mawu a Baaba Maal wa ku Senegal. Ndi chakale pa kalendala, koma kwa amene simunachimve ndi chatsopano ngati chambo cha m'mawa. Mwa zonse ndatchulazi, ichi ndicho ndingakugulireni ndi ndalama yanga.

Za kwathu kuno zinalimo m'kompyuta muja, koma zobalalika, kanyimbo apa kanyimbo apo. Red Flag cha Eli Njuchi ndi Mzaliwa cha Driemo ndi zimbale zoti munthu uzimve kuyambira koyamba mpaka kothera. Musakayike cha Madalitso Band, cha mu 2022, mulibe kompyuta, ndi gitala, babatoni ndi ng'oma yopondedwa ndi chidendene, koma chimavinitsa kuposa makina. Anyamata awiriwa ankaimba m'misewu ya Lilongwe, mwina ena mwa inu munawaponyerapo makobidi, lero amaimba ku Ulaya.

Chondiwawa n'chakuti pa nyimbo zonse zimene zinathiridwa masana amenewo, ndalama imathera pa kauntala pomwepo. Akuluakulu mukukumbuka nthawi ya makaseti, pamene mavenda ankakaoda kwa O.G. Issa zimbale za Lucius Banda, Billy Kaunda ndi Mlaka Maliro, kaseti iliyonse ili ndi kachizindikiro ka COSOMA. Kaseti ikagulidwa, woimba amalawako. Soja Lucius, amene anatisiya pa 30 Juni 2024, anatchuka m'nthawi imene Son of a Poor Man umachita kuigula ndi ndalama. Lero lamulo la 2016 linaika msonkho pa zipangizo zosungira nyimbo, ndipo COSOMA imagawa ndalamazo kwa oimba, koma mwana amene wangojambula chimbale chake choyamba sangadalire zimenezo kuti abweze ngongole ya ku situdiyo. Wa ku Joni sadandaula, ali ndi msika wake. Wa kwathu kuno amadya za pa khomo la shoo, ndiye akabwera m'dera lanu mulipire pa geti, osadumpha mpanda.

Amene mukupita kukapikula usipa, tengani memore yopanda kanthu, ndipo muuzeni wothirayo kuti mukufuna chimbale chonse mu foda yakeyake, apo ayi akusakanizirani Kabza ndi kwaya. Musafike Lachisanu masana. Kuno ndi kwa Asilamu, mzikiti ukaitana masipika onse amazima, mashopu ambiri amatsekedwa, ndipo mudikira pa khonde mpaka swala ithe.