Pepala ndi limodzi, malamulo ndi awiri

Ife amene timagwira ntchito zing'onozing'ono za zomangamanga kuno ku Chipata, monga ngalande za m'mbali mwa msewu ndi timilatho, timasaina mapangano amene sanalembedwere kuno. Ambiri amatengedwa m'mabuku a FIDIC, bungwe la mainjiniya lomwe linayamba mu 1913. Buku lawo lofiira linatuluka koyamba mu 1957, ndipo linatengera kalembedwe ka mapangano a ku England. Limagwirizana ndi makhoti athu, pakuti Zambia imatsata malamulo ochokera ku England, amene amadalira kwambiri zigamulo za oweruza akale.

Koma ife tili m'malire. Njanji ya Chipata ndi Mchinji, yotsegulidwa mu 2010, imaloza ku doko la Nacala, ndipo ukadutsa Katete n'kufika pa Chanida walowa Mozambique. Kumeneko oweruza amayamba ndi buku lalikulu la malamulo la Apwitikizi la mu 1966. Tikapeza ntchito kutsidyako, pepala lomwelo limayankhula china.

Tengani nkhani ya masiku 28. Buku lofiira la mu 1999 limati chinthu chikachedwetsa ntchito, womanga alembe kalata masikuwo asanathe, apo ayi wataya nthawi yowonjezera ndi ndalama zomwe. Kwathu woweruza amakonda kuwerenga mawu monga momwe analembedwera. Kutsidya lamulo limafunanso kuti mbali zonse zichite moona mtima, ndipo woweruza angathe kuchepetsa chindapusa cha kuchedwa ngati chakula mopitirira.

Tisafulumire kukondwa. Ife tinazolowera kuwerenga chaka chimodzi chokonza zolakwika, kenako n'kulandira ndalama zimene mwini ntchito anatigwirira. Ku Mozambique nyumba ikagwa kapena kuwonongeka kwambiri chifukwa cha mamangidwe, lamulo limagwira womanga mpaka zaka 5, ngakhale pepala lisanene. Ku France ndi zaka 10. Amene sanaike zakazo pa mtengo wake adzalipira za m'thumba, mwina kugulitsa ndi galimoto yonyamulira mchenga.

Choncho tikalandira pangano, tisathamangire patsamba la ndalama. Tiyambe tapeza mzere umene ukunena kuti pakabuka mkangano, malamulo ake ndi a dziko liti, mlandu ukakambidwira kuti, ndiponso m'chinenero chanji. Ngati sitikumva, tilipire loya atiwerengere tisanaponde chala. Safunsa anadya phula.