Za Cakudya Cimene Ana Athu Acichula m'Cingelezi

M'midzi ya Balaka ndi Machinga, m'masukulu momwe mupita ana anu muli phunziro lina la Cingelezi limene aphunzitsi alikonda, pakuti lioneka lapafupi. Mphunzitsi aimiritsa ana awiri awiri, nawauza kuti afunsane za cakudya: cimene acikonda koposa, cimene anadya m'mawa, ndi nthawi imene adya kwao. Funso lace loyamba ndilo "What is your favourite food?", ndiko kunena kuti, cakudya cako capamtima nciti? Ife amene tiyenda m'midzi pa nchito ya ukatekisiti, ndi kuceza ndi ana masana ataweruka, talimva funsoli kawirikawiri, ndipo yankho lace ndi limodzi lokha kuyambira ku Phalula kufikira ku Nayuchi: "rice and chicken", mpunga ndi nkhuku. Wina wocenjera aonjezapo chipisi, kapena buledi wa majarini. Wochula nandolo sitinammve ndi mmodzi yemwe.

Tsono ife tonse tidziwa cimene ciri m'miphika ya kwathu. Nkhuku iphedwa pa Krisimasi, pa Pasaka, pa ukwati, kapena pakafika mlendo amene sitingamlandire ndi masamba. Mpunga ulipo ndithu, makamaka kwa iwo olima m'madambo a ku Domasi ndi a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, koma ambiri aulima kuti augulitse ndi kupeza ndalama za feteleza ndi za yunifolomu. Masiku ena onse mwana adya nsima ya mgaiwa ndi nkhwani wotendera, ndi khwanya, ndi therere, ndi nandolo. Adya matemba a ku Chilwa ndi usipa wouma wa pa msika wa Liwonde kapena wa Ntaja. Adya makaka, mbatata, cinangwa ndi maungu. Atola malambe ndi masau pa nyengo yace. Ndipo zimenezi azikonda: yang'anani m'mene anyambitira zala pa tsiku la ngumbi zokazinga. Nanga bwanji pakuimirira pamaso pa mphunzitsi aziiwala zonsezi, nasanduka mwana wa ku Blantyre?

Cifukwa cina ncodziwika: mau ace alibe. M'kalasi mwa ana 100 kapena kupitirira, monga ziri m'makalasi ang'ono a masukulu ambiri kuno, mphunzitsi sangathe kufunsa mwana ali yense cimene anadya ndi kumfunira dzina lace. Alemba pa bolodi yankho limodzi, ana onse nalibwereza pamodzi ngati nyimbo. Tikumbukenso kuti mwana wa Ciyao wa ku Nsanama afika pa sukulu ali ndi cilankhulo ca amace, apeza Cicewa, ndi pamwamba pace Cingelezi. Katundu ameneyo si wocepa pa mutu wa zaka 7.

Palinso cina cimene olemba mafunso otere sanaciganizire. Funsoli linabadwira kwa anthu amene asankha cakudya tsiku ndi tsiku. Kwathu kuno mwana wosankha ndiwo adzudzulidwa, ndipo wochula nyama kawirikawiri amucha wankhuli. Tinamlera kuti alandire ndi manja awiri cimene apatsidwa, adye, athokoze. Ndiponso kwa ife cakudya ndi nsima. Munthu angadye mpunga mbale yodzaza, koma ukamfunsa madzulo anena kuti lero sanadye. Kotero kufunsa mwana wa kuno cakudya cace capamtima kumsowetsa coyankha, pakuti nsima saisankha munthu. Funso lomyenera likadakhala la ndiwo, ndipo pamenepo akadakuyankhani kufikira dzuwa kulowa.

Koma cimene citiwawa ife koposa ndi ca manyazi. M'phunziro lomwelo muli funso lina: unadya ciani m'mawa? Buku liyesa kuti munthu ali yense adya katatu, kadzutsa, nkhomaliro ndi mgonero, pa maola ace oikika. M'miyezi ya Januwale ndi Februwale, nkhokwe zitatha, ana ambiri a kuno afika pa sukulu osalawa kanthu. Ena adya mkute wa dzulo, ena ayembekeza phala la pa sukulu kumene liripo. Tinaziona m'njala ya 2002. Tinazionanso atapita namondwe Freddy mu 2023 ndi pa cilala ca 2024, pamene mabanja ena anagonera gaga ndi mango osapsa ophika. Mwana wotere afunsidwa pamaso pa anzace onse, m'cilankhulo ca anthu opata, kuti anadya ciani. Ayankha kuti tiyi wamkaka ndi buledi. Mphunzitsi anena kuti wakhoza, anzace naomba m'manja. Bodza limeneli nlaling'ono, ndipo ife sitifulumira kulicha chimo, pakuti liri ngati nsaru imene mwana afunda kuti abise usiwa wa atate wace. Komatu taonani cimene aphunzirapo. Aphunzira kuti Cingelezi ndico conenera moyo wa anthu ena, ndi kuti za m'nyumba ya amace sizingalowemo. Akazolowera comweco ali wamng'ono, adzakula ndi malilime awiri, lina la zoona ndi lina la pamaso pa anthu.

Ndipo Cingelezi cotere sicimfikitsa patali. Mudziwa kuti mwana sangalandire satifiketi ya MSCE ngati walephera Cingelezi, ngakhale akhoze masamu ndi sayansi, ndi kuti mu 2014 boma linalengeza kuti Cingelezi cikhale cophunzitsira kuyambira Sitandade 1. Mayeso amenewo ngolemba, koma pofunsira nchito munthu ayesedwa pakamwa. Anyamata athu ambiri a ku Machinga apita ku Johannesburg ndi ku Durban kukagwira nchito za m'nyumba ndi za m'masitolo, ndipo kumeneko palibe wowafunsa funso la pa bolodi. Ngakhale m'kalasi momwemo, yesani kufunsa mwana wa mpunga ndi nkhuku uja funso laciwiri, lakuti nkhukuyo anaiphika yani, ndi motani: adzayang'ana pansi nakumba dothi ndi cala ca kuphazi. Sangapitirire, cifukwa nkhaniyo sanaione. Koma za therere la dzulo adziwa zonse: anathyola yani, cidulo anaceza yani, ndi amene anatsiriza m'mbale.

Ife tinaphunzira ku seminare yaing'ono, kumene kunali lamulo lakulankhula Cingelezi ngakhale pa gome la cakudya, ndipo tiyesa kuti pa gomelo ndipo lilime lathu linamasuka koposa m'kalasi. Panalibe cobisa, pakuti tonse tinali kuyang'ana mbale yomweyo ya nsima ndi nyemba. Unayenera kupempha mcere, kudandaula kuti nsima njosapsa, kukangana ngati nyemba za lero ziposa za dzulo pa kucuruka kwa anankafumbwe, ndi kufotokozera mnzako wa boma lina m'mene amako aphikira cigwada. Mau amene tinawafuna tiri ndi njala sanatithawe kufikira lero.

Wina adzati, nanga nsima m'Cingelezi nciani? Ndi nsima basi. Ena aicha "thick porridge", ndipo mlendo pomva mau amenewo aganiza za phala la khanda. Ansembe a Montfort ocokera ku Italy, amene akhala ku Balaka zaka zambiri, ambiri a iwo kwao ndi ku Bergamo, kumene anthu aphika ufa wa cimanga cacikasu nauyesa cakudya ca makolo ao. Iwo aucha polenta, ndipo Angelezi poufuna anena polenta momwemo, osauphimba ndi dzina lina. Cingelezi ndi cilankhulo cobwereka kwa anthu onse. Liu lakuti "okra", ndilo therere lobala, cinalitenga kwa anthu a kumadzulo kwa Afirika. Ndipo mu 2022 buku lalikuru la mau a Cingelezi, Oxford English Dictionary, linalandira "nyama choma", nyama yoocha ya anzathu olankhula Ciswahili. Nsima yathu nayo inalembedwa mu 2017 ndi bungwe la UNESCO, ndi dzina lace lomweli, pa mndandanda wa miyambo yoyenera kusungidwa ya anthu a pa dziko lonse. Zakudya zina ziri nao maina ao m'Cingelezi, ndipo mwana awaphunzire: nandolo ndi "pigeon peas", nkhwani ndi "pumpkin leaves", malambe ndi "baobab fruit". Kumene kulibe dzina, achule la kwao, monga thobwa kapena cikondamoyo, nafotokoze kuti nciani, apanga ndi ciani, adya liti. M'kufotokoza kumeneko ndimo muli nchito yeniyeni ya lilime.

Tsono inu amai ndi abambo, ndi inu agogo, mudzati: ife Cingelezi siticidziwa, tidzathandiza bwanji? Pa cinthu cimodzi muposa mphunzitsi, ndico cakuti inu mudziwa cimene mwana anadya, ndipo sangakunamizeni. Sitinena kuti alankhule nsima iri m'kamwa, iai. Koma mutasamba m'manja, mbale zitacotsedwa, muuzeni anene m'Cingelezi cimene mwadya, ndi amene anaphika, ndi m'mene anaphikira. Pomwepo abwereze m'Cicewa kapena m'Ciyao kuti mumve ndi kumkonza pa nkhaniyo. Ulendo wa nsima wokha ungamkwanire mwezi wathunthu: kukonola, kupeta, kubviika mphale, kutsuka ndi kuyanika, kupita ku cigayo, kutereka madzi, kuyembekeza phala liwire, kubvundula ndi mthiko, kuomola ndi cipande. Liu limene lamsowa alilembe m'kope, m'mawa akafunse mphunzitsi kapena mkuru wace wa ku sekondale. Ndipo pa tsiku limene sanadye m'mawa, aphunzire kunena comweco mutu uli coongoka: "I did not eat breakfast today." Ciganizo cimeneci ncolondola monga cija ca tiyi ndi buledi, ndipo atate wace ayambe iwo kumuonetsa kuti sacita naco manyazi.

Kwa aphunzitsi amene awerenga kalata ino tipempha kanthu kamodzi: m'miyezi ya njala, musaimiritse mwana pamaso pa anzace ndi kumfunsa cimene anadya m'mawa. Mfunseni m'mene aphikira nkhwani kwao, kapena ndiwo zimene agogo ace azidziwa bwino. Funso lotere mwana wa wolemera ndi wa wosauka aliyankha mofanana.

Kumbukiraninso kuti ana athu akhala pa benchi limodzi ndi ana a Asilamu, amene ali ambiri m'boma la Machinga. Mnzace sadya nkhumba, sadya mbewa, ndipo akulu a kwao asala cakudya usana wonse m'mwezi wa Ramadani, monga ife tisala nyama pa Lacisanu la m'nyengo ya Lenti. Zonsezi ndi nkhani zabwino zofunsana m'Cingelezi, ngati mwana aphunzitsidwa kwao kufunsa cifukwa cace osaseka.

Ndipo m'nyumba za abale athu Acilomwe muli phunziro loposa onse, ndilo la kalongonda. Nyemba zimenezi ziri ndi ululu. Aziwiritsa nthawi yaitali, nazisenda makoko, nataya madzi kangapo zisanafike pa mbale. Mwana wofotokoza zimenezi m'Cingelezi ayenera kudziwa kunena coyamba, caciwiri ndi cotsiriza, ndi kunenanso cimene cidzacitika munthu akafulumira. Akadumpha za kutaya madzi, agogo pomva kumasulira kwace amuimitse pomwepo, nayambirenso pa ciyambi, pakuti kalongonda wophika ndi madzi amodzi adwalitsa banja lonse.