Mlendo Akadandaula za Womuperekeza

Chonde, Mulanje

Wokondedwa mphwanga,

Dandaulo la mlendo limagwera mwini bizinesi, ngakhale amene wapalamula ndi gaidi. Mlendo analipira ku ofesi, ndipo kumene adzafike atakwiya ndi komweko. Kuno madandaulo amachuluka m'miyezi yopanda mvula, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, pamene anthu amakwera phiri la Mulanje. Mu Okutobala mwambo wa Mulhako wa Alhomwe umadzaza Chonde, ndipo ambiri akatha kuonera tchopa amafuna wowaperekeza ku minda ya tiyi kapena ku Dziwe la Nkhalamba. Ntchito ikachuluka chonchi, eni mabizinesi amatola aliyense wodziwa njira, ndipo mavuto amayambira pamenepo.

Choyamba ndi kumvetsera. Mlendo apatsidwe mpando ndi madzi akumwa, alankhule mpaka mawu amuthere. Womvera akhale ndi kope ndi cholembera, alembe tsiku, nthawi imene anagwirizana kunyamuka, mtengo, ndi malo amene analonjezedwa. Gaidi asaitanidwe pomwepo, chifukwa anthu awiri okwiya akayang'anizana amangopikisana mawu. Kupepesa chifukwa ulendo sunamukomere mlendo si kuvomera mlandu, ndipo kusachedwe. Yankho lenileni liperekedwe asanachoke m'boma lino. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Akachoka osayankhidwa, dandaulo lake limakatulukira pa Tripadvisor kapena pa Facebook, pamene aliyense wofuna kubwera adzaliwerenga.

Madandaulo ambiri ndi a ndalama. Mlendo amauzidwa mtengo umodzi, koma pofika ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula akumva kuti pali ndalama yolowera, ya kanyumba kogona paphiri, ndi ya onyamula katundu. Ndalamazi n'zovomerezeka ndithu, koma ngati sanauzidwe poyamba, wolakwa ndi ofesi. Zimakhala zina gaidi akaima pakati pa njira n'kunena kuti popanda kangachepe sapitirira. Kumeneko ndi kuba, ndipo ndalamayo ibwezedwe yonse tsiku lomwelo, kaya pamanja, kaya pa Airtel Money kapena Mpamba, mlendo aone uthenga ukulowa m'foni mwake. Chimodzimodzi gaidi amene amathera nthawi ya mlendo kwa ogulitsa ziboliboli kuti adyepo yake. Kuchedwa kwa ola limodzi kumatha ndi kuchotserako mtengo. Koma kubwera atalawa, kapena kugwiragwira mlendo wamkazi, sikufuna chenjezo lachiwiri: ntchito ithe, ndipo nkhani ya mayiyo, iye akavomera, ipite kupolisi.

Kenako gaidi amvedwe payekha, modekha ngati mmene anamvedwera mlendo. Mboni sizisowa. Onyamula katundu anaona zonse, mlonda wa pa kanyumba ka Chambe kapena Lichenya amadziwa nthawi imene gulu linafika, ndipo mauthenga a pa WhatsApp amasunga zimene anagwirizana. Nthawi zina vuto limakhala chilankhulo chabe: gaidi anati "tatsala pang'ono" monga timanenera kwathu kuno, mlendo n'kumayembekezera mphindi khumi, pamene kwatsala maola awiri a chitunda.

Pali dandaulo limodzi lofunika kulisamala kuposa onse, la mlendo amene wabwezedwa asanafike pa Sapitwa. Nsonga imeneyi ndi yotalika mamita 3,002, ndipo ambiri amabwera kuchokera kutali chifukwa cha iyo. Amagona pa kanyumba ka Chisepo, n'kulawirira m'mamawa. Koma chiperoni chikabwera, nkhungu imaphimba miyala m'kanthawi kochepa, munthu osaona mnzake amene ali patsogolo pake, matanthwe n'kuyamba kuterera. Gaidi wodziwa phiri amati tibwerere. Mlendo amatsika ali wokhumudwa, n'kufika ku ofesi akunena kuti anamupatsa munthu waulesi kapena wamantha, ndipo akufuna ndalama zake.

Apa mwini bizinesi aime ndi gaidi wake poyera. Mu Julaye 2009 Gabriel Buchmann, mnyamata wa ku Brazil, anasiya womuperekeza n'kupitirira yekha kulowera ku Sapitwa. Anthu anamufunafuna kwa masabata, ndipo thupi lake linapezeka mu Ogasiti. Magaidi onse a ku Likhubula amaidziwa nkhani imeneyi. Gaidi akadulidwa malipiro chifukwa anabweza mlendo pa nkhungu, ulendo wotsatira sadzabwezanso munthu, adzangotseka pakamwa n'kumakwera. Mlendo afotokozeredwe zimenezi mwaulemu. Ngati ali ndi masiku, apatsidwe mwayi woyesanso pamtengo wotsika, ndipo kusiyanako kutuluke m'thumba la ofesi, osati la gaidi.

Chigamulo chikaperekedwa, chilembedwe m'kope lomwe lija, mlendo atumiziridwe uthenga wonena zimene zachitika. Kopelo limathandiza pakutha pa chaka: dzina limodzi likamabwerabwera pa nkhani yofanana, vuto ndi munthuyo, madandaulo ofanana akamagwera magaidi osiyanasiyana, vuto ndi kayendetsedwe ka ofesi. Mlendo amene sanakhutire ali ndi ufulu wokadandaula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe limaona madandaulo a ogula, ndipo asabisiridwe zimenezi. Kumeneko chimene chimapulumutsa mwini bizinesi ndi pepala: mtengo wonse, zimene zili mkati mwa mtengowo, ndi mawu akuti pa za nyengo womaliza kulankhula ndi gaidi, mlendo atasainira asananyamuke.

Phiri la Mulanje linalowa m'ndandanda wa UNESCO wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2025, choncho alendo adzabwera ndi mafunso ambiri kuposa kale. Pepala limenelo ulikonze mwezi wa Meyi usanafike.

Ndine malume ako.