Tsabola ku Manassas: ulimi wothamangitsana ndi chisanu

Mukakwera sitima ya VRE pa Union Station ku Washington, pakatha ola ndi kanthu mumatsikira ku Manassas, m'chigawo cha Virginia. Alendo ambiri amabwera kudzaona malo amene panamenyedwa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za pachiweniweni mu 1861 ndi 1862. Koma Mmalawi akafika kuno, maso ake amagwa pa dothi. Ndi lofiira ngati katondo wa ku Lilongwe, lomata kukagwa mvula, louma gwa kukang'amba dzuwa. Mtima umangoti pano tsabola angachite bwino.

Amachitadi bwino, abale, koma nyengo yake ndi ina. Kwathu mlimi amayang'ana mitambo, kuno amayang'ana chisanu. Chisanu chomaliza chimagwa pakati kapena kumapeto kwa Epulo, ndipo chimabweranso chakumapeto kwa Okutobala. Kambuzi amene kumudzi amakhala zaka kuseri kwa nyumba, kuno usiku umodzi wokha wa chisanu umamupha.

Choncho fesani njere m'nyumba, pamalo ofunda ndi owala, kumayambiriro kwa Marichi. Pakatha masabata 8 mpaka 10, cha m'katikati mwa Meyi, wokerani mbande panja, usiku ukasiya kuzizira kuposera madigiri 13, omwe pa muyeso wa kuno ndi 55. Dothi la katondoli limasunga madzi n'kuwoletsa mizu, ndiye lisakanizeni ndi manyowa. Ofesi ya Virginia Cooperative Extension ya ku Prince William imathandiza kutumiza dothi kukayezedwa ku Virginia Tech. Ophunzira ndi ena okhala m'nyumba za lendi, chidebe cha magaloni 5 choboola pansi chimakwanira mtengo umodzi.

Mavuto amayamba mu Julayi. Kutentha kukapitirira madigiri 32, kapena kuti 90, maluwa amayoyoka. Musazule mtengowo, udzaberekanso kukayamba kuzizirira. Tsabola akamada ndi kuwola kunsi kwake, kawirikawiri vuto ndi kuthirira modumphadumpha, komwe kumalepheretsa mchere wa calcium kufika m'chipatso. Thirirani mokhazikika ndipo phimbirani dothi ndi udzu. Nsabwe zobisala kunsi kwa masamba zichotseni powaza madzi mwamphamvu. Agwape ndi akalulu a kuno saopa mudzi, amadya mbande usiku, choncho tchingani ndi waya.

Pokolola dulani ndi sizasi, chifukwa nthambi za tsabola sizichedwa kuthyoka, ndipo valani magolovesi. Kuyanika pa mphasa monga timachitira kwathu kumavuta, poti mpweya wa chilimwe kuno ndi wachinyontho ndipo tsabola amachita nkhungu. Ndi bwino kumuumitsa mu uvuni pa moto wochepa kapena kumusunga mu firiji youmitsa.

Kwa obwera kuchokera kumudzi, njere zonse ziyenera kuonetsedwa kwa akuluakulu a pabwalo la ndege la Dulles, ndipo zopanda zikalata zimalandidwa. Musadziike m'mavuto chifukwa cha kambuzi. Habanero ndi Scotch bonnet ndi abale ake enieni, ndipo njere zake zimagulitsidwa konkuno.

Okutobala akafika, mvetserani zanyengo tsiku ndi tsiku. Akangolengeza chisanu, thyolani tsabola yense, wakupsa ndi wosapsa yemwe. Chidebe chilowetseni m'nyumba, mtengowo muudulire n'kuuika pawindo. Ukapulumuka dzinja la kuno, chaka chamawa udzabereka msanga kuposa mbande zatsopano.