Ndinakalipira mwana, chonsecho wolakwa ndinali ine

Makolo anzanga, lero ndiyambe ndi kuulula tchimo langa.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa litaswa mtengo, ndinafuna kutseka laputopu yomwe ndimagwirira ntchito. Chivindikiro chinakana kukhala bwino. Kumanzere chinatsekeka, koma kumanja kunatsala mpata woti n'kulowetsapo ndalama yachitsulo. Ndikadinikiza, chinkabwerera.

Nthawi yomweyo maganizo anathamangira kwa mwana wanga wachisamba wa Sitandade 7, yemwe amaonerapo makatuni Loweruka.

"Iwe, waikhalira kompyutayi eti?"

"Ayi adadi, ine sindinaikhudze."

Sindinafune kumva. Ndinamukalipira pamaso pa ang'ono ake mpaka anakagona osadya. Mayi ake atayesa kumuikira kumbuyo, ukali unagwera iwo. "Ndinu mukumulekerera mwanayu," ndinatero. Masiku atatu m'nyumba munali zii ngati pamaliro. Usiku uliwonse ndinkasanjika mabuku olemera pa laputopuyo, ati kuti chivindikiro chiwongoke.

Zitakanika, ndinapita nayo kwa mmisiri wokonza makompyuta. Atamasula kunsi anangogwira pakamwa. Batire, lomwe limayenera kukhala lafulati, linali litafufuma ngati mandasi.

"Achimwene, mwachita mwayi. Mumaigwiritsira ntchito pati?"

Ndinayankha mwamanyazi kuti pabedi, pamwamba pa bulangete, ndipo nthawi zina ndimaisiya m'galimoto padzuwa.

Anandifotokozera kuti batire la mtundu wa lithium-ion likakalamba kapena likamatenthedwa kwambiri limatulutsa mpweya m'kati mwake, n'kuyamba kutupa. Likatupa limakankha kiyibodi ndi malo oyendetsapo chala aja kuchokera pansi, ndiye chivindikiro chimalephera kutsekeka mofanana. Bulangete limatseka timabowo totulukira mpweya wotentha. Batire lotupa likapanikizidwa kapena kubooledwa limatha kuyaka. Ndinakumbukira mabuku anga aja, ndi ana atagona chipinda chinacho, thupi linachita tsemwe.

Musaganize kuti nkhani ya moto ndi yongoopseza. Mu 2006 kampani ya Dell inaitanitsa mabatire oposa 4 miliyoni, opangidwa ndi Sony, chifukwa ena ankatentha mpaka kuyaka. Mu 2019 nayo Apple inaitanitsa ena mwa ma MacBook Pro a mainchesi 15 kuti iwasinthe mabatire pa chifukwa chonga chomwecho. Ngati makampani akuluakulu amaopa batire, kuli bwanji ife?

Sikuti nthawi zonse vuto limakhala batire. Mmisiri uja anandionetsa laputopu ina yomwe mahinjesi ake anali atazula pulasitiki yomwe amamangidwirapo. Izi zimachitika hinji ikalimba, mwini wake n'kumatsekula pogwira ngodya imodzi, kapena kumanyamula laputopu pogwira sikirini. Kuipanikiza m'chikwama chodzaza mabuku kumapinditsanso chivindikiro, ndipo kutsekera cholembera m'kati kumaswa sikirini.

Tsono malangizo anga ndi awa. Potsekula gwirani pakati pa chivindikiro, dzanja lina litagwira kunsi. Ikani laputopu patebulo, osati pabedi. Musaisiye m'galimoto kapena pawindo padzuwa. Mukaona kuti sikutsekeka bwino, iikeni patebulo losalala muone ngati ikugwedera, kapena ngati kiyibodi yatukuka. Zikakhala choncho izimitseni, chotsani chaja, iikeni kutali ndi ana komanso zinthu zosachedwa kuyaka, ndipo pitani nayo kwa mmisiri. Osakakamiza kutseka. Batire lotupalo musaliboole, musalitaye kudzala komwe mumatentha zinyalala.

Batire latsopano ndinagula, chivindikiro chinayambanso kutsekeka. Chinatsala chovuta chinali kunyumba. Njira yonse ndinkalimbana ndi mtima: kodi bambo angapepese mwana? Ambiri a ife tinakula tisanamvepo kholo likunena kuti pepa. Koma ndinaona kuti ndikangokhala chete, mwanayu aphunzira kuti kunena zoona kulibe phindu, ndipo tsiku lomwe adzalakwedi adzandibisira.

Titatha kudya ndinamuitana pamaso pa ang'ono ake omwe aja.

"Mwana wanga, unanena zoona. Kompyuta ija ndinaiononga ndine. Pepa."

Anayang'ana pansi, kenako anati, "Ndinakuuzanitu, adadi." Mawu amenewo anandilasa kuposa ndalama za batire. Kwa mayi ake ndinapepesanso kuchipinda. Iwo anangoti, "Mwina tsopano muzifunsa kaye, bambo."

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chinthu chikaonongeka pakhomo, tisamathamangire wamng'ono chifukwa choti sangatiyankhe. Tiyambe tafufuza. Laputopu yanga inakonzeka tsiku limodzi, koma panatenga milungu kuti mwana wanga ayambenso kukhala pafupi nane ndikamagwira ntchito.