Timphira Timene Timasunga Wotchi ya Pansi pa Nyanja

Ntchito yanga ndi yokonza mawotchi, ndipo amene amanditenga mtima ndi aja anapangidwira anthu ogwira ntchito pansi pa nyanja. Wotchi ikafika patebulo panga, dzina lolembedwa pankhope pake ndimaliona pambuyo. Ndimayamba ndi timphira. Wotchi ya mtengo wofanana ndi galimoto imadalira timphira tozungulira towerengeka: kena pachivundikiro chakumbuyo, tina m'kamutu kamene timapotokola pokonza nthawi, kena m'mphepete mwa galasi. Tikauma n'kuchita ming'alu, kaya ndi Rolex kaya ndi Omega, madzi amchere amalowa basi, ndipo dzimbiri silichedwa kudya timagudumu ta m'kati.

Mawotchiwa anapangidwa poopa imfa. Mu 1953 kampani ya Blancpain ya ku Switzerland inatulutsa Fifty Fathoms mogwirizana ndi asilikali osambira a ku France, Robert Maloubier ndi Claude Riffaud. Chaka chomwecho Rolex inapanga Submariner yopirira mamita 100. Munthu ali pansipo ankayenera kudziwa mphindi zimene watha, mpweya usanamuthere. N'chifukwa chake pali mkombero wa manambala umene amaulozetsa pa muvi wa mphindi asanamire. Pa mawotchi a masiku ano mkomberowo umazungulira mbali imodzi yokha, kuti ukagundidwa mwangozi uzionetsa ngati wakhalitsa, iye n'kufulumira kutuluka. Amene anaganiza zimenezi ndimamuvulira chipewa.

Amisiri a kampani ya COMEX ya ku Marseille anali ndi vuto lina. Ankakhala masiku ambiri m'zipinda zachitsulo akupuma mpweya wosakaniza ndi helium. Mpweyawu unkalowerera m'wotchi pang'onopang'ono, ndiye pobwerera kumtunda unkatha kutumphutsa galasi. Sea-Dweller, imene Rolex inatulutsa mu 1967, inadzakhala ndi kabowo ka chitseko m'mbali kotulutsira mpweyawo, ndipo nako kali ndi kamphira kake koyenera kusintha.

Patebulo panga, ndikamasula wotchi yonse, ndimatsuka kachitsulo kalikonse, n'kuika mafuta. Kadontho kake n'kochepa kwambiri moti ndimakaona ndi galasi lokulitsira zinthu. Akachuluka amayenderera n'kusokoneza nthawi. Kenako ndimatseka chikombole chopanda makina n'kuchiika m'thanki yopanikiza madzi. Muyezo wa ISO 6425 umafuna kuti wotchi ipirire 125 peresenti ya kuya kolembedwa, kutanthauza kuti ya mamita 300 iyesedwe ngati ili pa mamita 375. Ndikachitulutsa ndimachifunditsa kufika cha m'ma digiri 40, n'kudonthezera madzi ozizira pagalasi. M'kati mukachita nkhungu, ndiye kuti chinyezi chalowa, ndipo ndimamasulanso.

Osambira a lero amavala kakompyuta padzanja. Amene amandibweretsera mawotchiwa makamaka ndi anthu okonda kuwasonkhanitsa, ndipo ambiri a iwo sanamirepo. Sindiwaona molakwika. Chimene chimawakoka n'chakuti chipangizochi chinapangidwa mosanyengezera, poti moyo wa munthu unkadalira icho. Amakonda timadontho ta tritium timene tinasiya kuwala mumdima n'kusanduka tachikasu, mkombero wakuda umene dzuwa ndi mchere zinaumbuwitsa, ngakhalenso zipsera za m'mbali. Pondipatsira amati, "Amisiri, chonde musaipale." Pamenepo timamvana. Kupala kumadya chitsulo chimene sichibwereranso, kona zake n'kufwifwa, ndipo Submariner yakale ikasinthidwa nkhope mtengo wake umagwa kwambiri.

Timasiyana pa timphira. Ena amafuna kuti chilichonse chikhale momwe chinachokera kufakitale, ngakhale kamphira kouma ka zaka 50. Ine ndimakana. Ndimati, "Bambo, nkhope ndi mivi sindikhudza, koma timphira ndisintha, apo ayi pitani nayo kwina." Wotchi imene singatseke madzi, ngakhale thukuta kapena nthunzi ya kubafa, ikuwonongeka mwiniwake akuiyang'ana. Ya m'ma 1960 ndimawauzanso kuti asasambire nayo ngakhale itapambana mayeso, chifukwa nkhope yake ikanyowa palibe kopeza ina. Zakale kuposa pamenepo zina zili ndi radium, imene ndi yoopsa, ndipo ndimazitsegula nditavala magolovesi ndi chophimba pamphuno.

Tizipangizo tonse timene ndachotsa ndimatiika m'kathumba n'kubwezera mwiniwake, ndipo palisiti ndimalemba tsiku ndi mamita amene wotchiyo yapirira m'thanki.